Bwato la a Idi Lamera Sipinachi

Ndikadutsa kuseri kwa nyumba imene timachita lendi ku Vosloorus, mtima umandiwawa mpaka lero. A Idi, amene timachita nawo lendi pamenepo, sanalakwire munthu.

Bambowa ndi a ku Mangochi, anakulira m'bwato, koma kuno ku Joni amatchetcha kapinga. Mzungu amene ankamugwirira ntchito ku Elsburg posamuka anawasiyira bwato lapulasitiki lophera nsomba, aja amati kayaki. Munthu wamkulu ndi imvi zake anasangalala ngati mwana woguliridwa nsapato.

Lamlungu lililonse ankatandalira pa bwatolo ndi dirilo yobwereka. Asanaboole bowo limodzi ankayeza, kufufuta, kuyezanso. Anaboola pamwamba pokha, poika zogwirira mbedza, n'kumata guluu kuzungulira sikuluwu iliyonse.

"Iwe Ufulu mwanawe," ankandiuza, "bwato saboola kumimba. Disembala uno tikalowa padamu, udzadye nsomba yopha ine."

Ndiye tsiku lina iwo ali kuntchito, amastandi, mayi mwini nyumbayo, anatuma mlamu wawo kuti atenge dirilo yomweyo pakhonde. Mlamuyo anaboola pansi ponse pa bwatolo ngati sefa, n'kuthiramo dothi ndi manyowa. Osafunsa n'komwe! Nambala ya foni ya a Idi amastandiwo ali nayo, amaidziwa bwino mwezi ukatha.

"Hawu, Malawi, chimangodya malo pa yadi panga chinthu ichi," anatero mayiwo a Idi atafika. "Nyanja ili kuti kuno?"

Ine ndinapsa mtima koopsa. Ndinafuna kuwayankha, koma a Idi anandigwira mkono. Mapepala awo okhalira m'dziko muno anatha kalekale, ndipo chipinda sichipezeka wamba. Anagwada n'kupisa dzanja kunsi kwa bwatolo, chala chikulowa bowo ili, kutuluka, kulowa linalo. Kenako anadzuka.

"Sharp, mama," anatero, kutanthauza kuti palibe vuto. Mawu amenewo amandinyansa kuposa mabowowo.

Sipinachi anamera, wobiriwira bwino, wopanda manyazi. Amastandi amathyola n'kumagawira anzawo a kutchalitchi, koma kuthirira amaiwala. Disembala anadutsa. Zogwirira mbedza zija zikadali pomwepo, mayiwo amasomekamo tsache.

Amene amathirira ndi a Idi. M'mawa uliwonse asanakakwere takisi amatunga ndowa pampopi. Tsiku lina zinandikwana, ndinawafunsa mokalipa kuti akudzivutitsiranji ndi ndiwo za munthu wankhanza chotere. Sanandiyang'ane, anangopitiriza kuthira madzi pang'onopang'ono, kuyambira kumutu mpaka kumbuyo.

"Sindithirira masamba ine," anatero. "Bwato likakhalitsa pouma limang'aluka."