Chithunzi cha chifuwa cha sekuru Mbewe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera kukwaya. Nditamaliza kosi ya makompyuta ndinangokhala pakhomo ku Mtapa, mpaka mayi wina woimba naye anandiuza kuti alamu ake, bambo Zuze, akufuna munthu pashopu yawo m'tauni ya Gweru. Bambowo ankagula makompyuta akale, kuwakonza, n'kuwagulitsa kumasukulu ndi kutizipatala ta m'migodi.

Ine ndinkamasula bokosi la kompyuta ndi sikuludiraiva, kupemerera fumbi, kusintha hadi disiki ikakhala yotha, kenako kulowetsa ndi fulashi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Tinkaika yaulere, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka a kumayiko akutali. Anthuwo anali ndi tsamba pa intaneti lolembapo zimene munthu akufuna kuti awonjezere kapena akonze.

"Iwe chizungu umachitha," anatero bambo Zuze. "Madandaulo a makasitomala uziwatumiza kumeneko."

Ndinapempha zambiri, monga chilembo cha ŵ pakiyibodi ndi zilembo zikuluzikulu za anthu ofooka maso. Koma chondisowetsa mtendere chinali china. Kompyuta ikalandira zatsopano kuchokera kwa eni pulogalamu inkayamba yokha kuzilowetsa, ndipo magetsi akathima ili pakati, sinkayakanso. Ndinalemba kuti izifunsa kaye, komanso izitha kubwerera mmene inalili. Yankho linali lalifupi: zotere sizichitikachitika, gulani batire losunga magetsi. Nkhani n'kutsekedwa.

M'mawa wina namwino wa kachipatala kena ku Mvuma anaimba foni. Kompyuta imene tinawagulitsa inkasunga zithunzi za ekisire za zifuwa za anthu okumba m'migodi. Dokotala wozionayo ankabwera kamodzi pamwezi, ndipo tsikulo anali atafika kale.

"Sisi, magetsi aenda ili mkati modzikonza," anatero namwinoyo. "Tayatsa jenereta, koma sikirini yangoti bii."

Ndinakwera kombi, minibasi yakuno. Nditafika ndinapeza azibambo atandanda pabenchi, akutsokomola. Ndinayesa kuidzutsa kompyuta ija ndi fulashi, inakana. Ndinatulutsa hadi disiki, n'kuilumikiza ndi chingwe ku laputopu yanga. Zithunzi zinalimo, koma zinali kukopeka mwapang'onopang'ono, zina n'kumaima panjira.

Nkhalamba ina imene inakhala pafupi ndi chitseko inandimva ndikung'ung'udza m'Chichewa. Anali sekuru Mbewe, amene anabwera kuchokera ku Malawi ali mnyamata, nakalambira mumgodi.

"Mwanangu, kodi ndiwe wakwathu?" anafunsa, mpweya ukuwathera. "Usathamange. Ine ndikungofuna adokotala andiuze chimene chili m'chifuwamu."

"Ziyaka posachedwa, sekuru," ndinawayankha.

Dokotala anadikira ndithu, koma kunali odwala ena kuchipatala china. Dzuwa litapendeka ananyamula chikwama chake. Zithunzi zinamaliza kukopeka fumbi la galimoto yake litatha kale pamsewu. Cha sekuru Mbewe ndinachiona pasikirini, choyera mbuu ngati nkhungu, koma panalibe woti awauze tanthauzo lake.

Iwo anavala chipewa chawo. "Zvakaoma, n'zovuta," anatero. "Tidzabweranso, Mulungu akalola."

Mwezi wotsatira namwino uja anandiuza kuti anawaika kale m'manda. Anati mapapo awo anali atatheratu, dokotala sakanawachiza. Mwina n'zoona. Komabe anapita osamva yankho la funso lawo.

Ndinalembanso patsamba lija, ndikufotokoza zonse. Wina anapepesa. Wina anati pempho lotere lilipo kale, n'kutsekanso.

Lero ndili ndi kashopu kanga, ndipo kupempha ndimapemphabe. Koma ndinaphunzira kuti woyankha kutaliko amakhala kumene magetsi sathima. Kompyuta iliyonse isanatuluke m'manja mwanga ndimaitsekera zodzikonza yokha, zithunzi ndi makalata n'kuzisungira malo achiwiri. Chimene ndingathe kutchinga ndi manja angawa sindichisiyiranso munthu amene sanamvepo chifuwa cha mumgodi.