Zimbale Zitatu ndi Mpando wa pa Resepishoni

Ndinachapa mashiti a alendo zaka zisanu pa loji ina ku Senga Bay ndisanakwezedwe kupita pa resepishoni. Matipate anali atangokhazikika, misonkhano ya mabungwe ili mbwee m'mbali mwa nyanja, aliyense akufuna lipoti lake lotayipa. Ndiye kompyuta yathu yokalamba ya pa resepishonipo inasankha sabata ya msonkhano waukulu kuti ife.

Abwana sanazungulire. "Ikapanda kusindikiza pofika Lachisanu, ndibweretsa mtsikana wa satifiketi wa ku Lilongwe. Inu mubwerera kochapa."

Mlendo wina wa ku Jeremani anandisiyira zimbale zitatu zoti ndiyesere kuidzutsira kompyutayo. Anati chilichonse chili ndi pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta yonse, koma ukaika ina, ya poyamba imafufutika.

Yoyamba inali yokongola, zithunzi zowala, koma yolemera. Ukadina mausi unkatha kupita kukhitchini, kumwa tiyi, n'kubwerako isanayankhe. Yachiwiri inkathamanga, komatu nkhope yake inali bii, timalemba toyera basi, ndipo pulinta sinkaidziwa n'komwe. Yachitatu inkayenda bwino, pulinta n'kumaimvera, kungoti zonse zinali m'Chijeremani. Ndinkangoloweza malo: batani lachiwiri kumanzere, kenako lapansi penipeni.

Ndikanakhala wanzeru ndikanasiyira pomwepo. Koma ndinkachita manyazi kuti anthu a masuti andione ndikuwerenga mabatani ndi chala. Lachinayi m'mawa ndinabwezeretsa yokongola ija, ati mwina yapepukako. Inali chimodzimodzi. Magetsi anazima kawiri, msana ukuwawa, maso akuyabwa.

Ndinaganiza zobwerera ku ya Chijeremani ija, koma nditapita pawindo pamene ndinasiya chimbale chachitatu, sichinalipo. Ndinakachipeza kuseri kwa khitchini, chitakhomedwa ndi misomali iwiri kumbuyo kwa njinga ya bambo wosamalira maluwa.

"Pepani mayi, ndimayesa mwataya," anatero atavula chipewa. "Maminibasi a ku Khombedza adzandipha tsiku lina pamsewupa. Ichi chimanyezimira, amandionera patali."

Mphamvu zokalipa ndinalibe. Ndinangokhala pamchenga wotenthawo, kutopa kutandifika m'mafupa.

Ndinaika yakuda ija. Lipoti ndinalitayipa lonse, loyera bwino popanda cholakwika, koma linakanira m'kati momwemo. Lachisanu ndinalikopera papepala ndi bolopeni, alendo akuyang'ana mawotchi awo. Abwana analandira mapepalawo osandiyang'ana kumaso.

Lolemba mtsikana uja anafika. Sindinamude, anali waulemu. Kungoti kusukulu kwawo sanamuphunzitse nkhope yakuda ija, ndipo m'mawa uliwonse kompyuta ikayaka, uthenga unkandipeza kochapira. Ndinkapukuta thovu pachitenje n'kukamutayipira mawu oyambira, iye atakhala pampando, ine nditawerama pambali pake. Ankati, "Zikomo achemwali, mukhoza kupita." Ndinkapitadi, mashiti akundidikira m'beseni.