Nyali Yofiira Imene Sinayake

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza m'zaka za chipani chimodzi, pamene ngakhale sopo tinkachita kuimira pamzere. Malume anga, amene ankasoka zovala pamsika wa Kabwata mu Lusaka, anandipereka kwa mnzawo Che Saidi, makaniko wochokera ku Malawi, yemwe galaja yake inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msikawo. Che Saidi anandiyang'ana zikhadabo nati, "Manja oyera chonchi? Tiona."

Ndinali munthu waudongo, ndipo ndikadali wotero. Masipanala ndinkawayala motsatira kukula kwake, ndipo dontho la oyilo pansi pa galimoto imene ndagwira linkandichititsa manyazi.

Tsiku lina m'mawa kunafika a Chanda, mphunzitsi wa ku Chelstone, telegalamu ili m'manja. Mayi awo anali kayakaya ku Mpika ndipo ankawaitana. Galimoto yawo inkadontha pa swichi ya oyilo. Kwa amene sadziwa, swichi imeneyi ndi kachitsulo komangidwa m'mbali mwa injini. Mphamvu ya oyilo ikatsika, kamayatsa nyali yofiira pamaso pa woyendetsa kuti aime msanga. Swichi yeniyeni ya galimotoyo inali yosapezeka mu Lusaka monse, choncho Che Saidi anagula ya mtundu wina ku Kamwala. Mazinga ake ankalowa, koma mosathina kwenikweni.

Che Saidi anaitanidwa mwadzidzidzi ku Woodlands. Pochoka anati, "Tepi pang'ono chabe. Ukamanga, uyese nyali."

Ndinachotsa waya, ndinamasula swichi yakale ndi sipanala, ndinapukuta bowo. Kenako ndinatenga tepi yoyera ya mapaipi. Posafuna kuti padonthe kanthu, ndinaikulunga mosamala, mobwerezabwereza, kufikira mazinga onse atabisika. Chimene sindinkadziwa n'chakuti swichi ya waya umodzi imadalira mazinga omwewo: magetsi amabwerera m'chitsulo cha injini kudzera pamenepo. Ine ndinali nditatseka njirayo.

Kuyesa nyali n'kosavuta. Umatembenuza kiyi injini isanalire, ndipo nyali iyenera kuyaka. Injini ikalira, izime. Koma batire ya a Chanda inali yofooka, motero tinailiza mochita kukankha, ine ndili kumbuyo. Nditathamangira pazenera ndinapeza nyali ili yozima, pansi pali pouma. Ndinanyadira.

"Shani, mwaiche, ili bwino?" anafunsa a Chanda, mosakaniza ndi chinenero cha kwawo.

"Ili bwino ndithu, aphunzitsi."

"Lesa akupale, Mulungu akudalitse. Nizakubwelesela tute, chinangwa cha kumunzi."

Patapita masabata awiri, galimoto ija inabwera itakwezedwa pa lole. A Chanda anatsika atameta mpala, ndipo palibe anafunikira kufunsa. Anafotokoza kuti atadutsa Serenje, mwala unaboola sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini, oyilo n'kutayika pang'onopang'ono iwo osadziwa, mpaka injini inanoka pakati pa tchire. Anakhala masiku awiri m'mbali mwa msewu akudikira thandizo. Pamene ankafika ku Mpika, anthu anali atabwerako kale kumanda.

Sanakalipe. Anangonena kuti, "Ba Saidi, nenze kuyangana pa nyali njila yonse. Sinayake olo kamozi. Ikanayaka, sembe ninaima, namata bowo na sopo, nafika."

Che Saidi anaika batire ina, natembenuza kiyi: mdima. Anatenga waya wa swichi naugunditsa pa chitsulo cha injini, nyali n'kuyaka kuti ngwee. Kenako anamasula swichiyo, nayamba kusenda tepi ndi chikhadabo. Inatuluka yaitali, yoyera, yokulungidwa bwino kwambiri. Anaipinda m'dzanja lawo kuti a Chanda asaione.

"Kulakwa n'kwanga, aphunzitsi," anatero. "Ndinachoka ntchito isanathe."

Ine ndinaima pomwepo, ndipo sindinatsutse. Injiniyo tinaiphwasula ndi kuimanganso tonse awiri kwa mwezi wathunthu, ndipo nkhani ya tepi sanaitchulepo. A Chanda anadzatenga galimoto yawo, anandigwira chanza, nandithokoza. Anamwalira asakudziwa za tepiyo.

Ndagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri chichokereni pamenepo. Pa swichi yotere sindikulunga tepi pa mazinga oyambirira, ndipo galimoto siichoka m'manja mwanga ndisanakhale pampando ine mwini, kiyi m'dzanja, n'kuona nyali yofiira ikuyaka. Eni ake ena amadandaula kuti ndikuwachedwetsa. Ndimawapempha kuti adikire.