Chigamba cha Patsaya la Ababa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ababa anabwerako kuchipatala ku Blantyre ali ndi chigamba patsaya. Anali atagwira zaka zambiri ntchito yotchetcha udzu pabwalo la ndege ku Chileka, padzuwa. Chilonda chinayamba ngati kanjerewere pambali pa mphuno, n'kukana kupola. Madokotala anati ndi khansa ya pakhungu. Anadula, n'kusokererapo khungu lina.

Khungulo linali lotuwa, losalala, losamera ndevu. Diso lakumanzere linkangotuluka misozi. Mlomo unakokeka, moti akamamwa madzi ena ankatsikira pachibwano.

Inali nthawi ya Chitaganya. Kwathu ku Lirangwe chilichonse chodzera m'manja mwa azungu tinkachikayikira. Kunali mphekesera zoti nyama ya m'zitini ndi ya anthu. Ndiye atsibweni anga a Fulaye, mlongo wawo wa amayi, anafunsa: "Khungu limeneli mwini wake ndani? Ngwamoyo kapena ngwakufa?" Ababa anali mkamwini pamudzipo. Atsibweni anayamba kuuza amayi kuti awapatse ababa khasu lawo azipita kwawo.

Nanenso ndinakayika. Ndinatenga msomali n'kukanda kamzere pachikho chimene ababa ankamwera, kuti ndisachiike pakamwa. Iwo anaona.

Linafika tsiku la dima, pamene anthu a m'mudzi anabwera kudzatithandiza m'munda mwathu. Titapalira, tinakhala pansi pa mtengo wa masawu. Pa dima chikho cha thobwa chimakhala chimodzi: mwini munda amayamba kumwa, n'kupatsira mnzake. Ababa anamwa, natambasula dzanja. Atsibweni anayang'ana kumbali. Amuna ena anayamba kufunafuna fodya m'matumba.

Ababa anaika chikho pansi, nakweza kabudula. Pantchafu panali chipsera chachikulu ngati chikhatho.

"Alamu, mwini khungu ndi uyu. Anasenda apa n'kumata apa."

"Nanga ife tinaliko?" anatero atsibweni.

Chikho chinakhala padothi, ntchentche zikuterapo. Ndinaona kamzere kanga pambali pake. Ndinatola chikhocho n'kumwa, ndikudikira kuti tsaya langa liyambe kuyabwa.

"Iwe, usamalize," anatero ababa. "Pali akuluakulu pano."

Wina anaseka, n'kundilanda chikho. Chinayenda. Atsibweni sanamwe, koma za khasu sanazitchulenso.

Ababa anakhala zaka zina khumi ndi ziwiri. Padzuwa sankachotsa chipewa cha mlaza kumutu, ndipo chigambacho ankachidzola mafuta a nsatsi kuti chisang'ambike. Kumsika anthu sanasiye kuwayang'anitsitsa mpaka tsiku limene tinawaika.

Lero ndakalamba. Ndadziwa kuti mpeni wa dokotala unachotsa nthenda tsiku limodzi, koma chimene chikanawatsiriza ababa chinali chikho chosowa wochilandira. Ndipo woyamba kuchikana, ndi msomali m'manja, ndinali ine.