Khomo Lopanda Ufa

Ine ndi uve sitimwerana madzi. Khalidwe limeneli ndi lomwe linandilakwitsa ku Thamesmead, kudziko la azungu, zaka zomwe digiri yanga inkangogona m'sutikesi ine ndikusambitsa nkhalamba za eni.

Kuntchito ananditumiza kwa mayi wina wokalamba wochokera kumwera kwa India, yemwe ankakhala yekha m'fulati yam'mwamba. Mwana wawo wamwamuna anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti ndizilemba chilichonse chachilendo m'buku la pamwamba pa firiji. Akadzaona kuti mutu wayamba kusokonekera, adzawapititsa kunyumba yosungira okalamba. Mayiwo ankaiopa nyumba imeneyo kuposa imfa.

M'mawa uliwonse ndinkapeza pakhomo pawo pali ufa, madontho ndi mizere yokhotakhota pasimenti ya pakhonde. Mumtima ndinkangoti koma abale, munthu wamkulu kuseweretsa chakudya! Ndinkatenga mopu wa pamasitepe n'kukolopa ndisanagogode n'komwe.

Ndikamawapesa tsitsi ndi mafuta a kokonati, ankandiuza za kumudzi kwawo m'Chingerezi chodukaduka. Ankaloza mtsinje wa Thames pawindo n'kunena kuti mtsinje wa kwawo umakhala ndi madzi nthawi ya mvula yokha, ikadutsa umasanduka mchenga, ngolo n'kumawoloka. Mudzi wonse unkadalira damu lomwe anakumba makolo akalekale, lothirira minda ya mpunga. Kumtunda kwa damulo kunali kachisi ndi nyumba za eni minda. Kumunsi, kuseri kwa migwalangwa, kunkakhala anthu a mtundu wa mayiwo, olima minda ya eni, osaloledwa kutunga pachitsime cha kumtunda. Chaka china mvula inakana, ndipo ana a kumunsi ndi amene anayamba kufa. Mwana wawo woyamba anapita nthawi imeneyo. Chaka china khoma la damu linagumuka, madzi n'kutsikira kwa anthu omwewo. Kuyambira pamenepo mabanja anabalalika, ena kutauni, ena kunja ngati iwowo.

Ndinkamvetsera ndithu, poti chilala sindichita kumva kwa anthu, ndinachiona ndi maso. Koma za ufa sindinafunse. Safunsa anadya phula.

Tsiku lina akundiperekeza pakhomo anaona simenti ili mbee. Anandigwira mkono mwamphamvu.

“Wamwalira ndani?”

Ndinawauza kuti palibe. Mawa lake anafunsanso, mkuja chimodzimodzi. Ine ndi dzanja langa lokongola ndinalemba m'buku kuti akumwaza ufa pakhonde, munthu angaterereke, komanso akufunsa za maliro omwe kulibe. Ndinalemba zimenezi kangapo, n'kumadziona ngati wantchito wakhama. Mwana uja anaonetsa bukulo kwa a zaumoyo, ndipo malo kunyumba ya okalamba ija anapezeka.

Nkhaniyi ndinaifotokozera mnzanga wa kuntchito, wachilankhulo cha mayi aja, tili pa basi. Anandiyang'ana ngati ndaba. Anati kwawoko mkazi amajambula ndi ufa wa mpunga pakhomo kukamacha, kulandira tsiku ndi kudyetsa nyerere. Amalekeza pokhapokha m'nyumba mukagwa maliro, ndipo odutsa akaona khomo lopanda ufa amadziwa okha. Ndiye kuti m'mawa uliwonse ine ndinkawaikira maliro pakhomo mayi aja, ndikatero n'kukalemba kuti mutu wawo sukuyenda. Ndinachita manyazi.

Ndinamuimbira foni mwana uja nditangotsika. Ndinalankhula mokalipa, ndikuvomera. Anandisiya ndimalize, kenako anati ufawo akuudziwa bwino, anakula akuulumpha popita kusukulu. Koma aneba adandaula kale, iye watopa, ndipo zomwe zalembedwa zalembedwa. Anandikumbutsanso kuti dzanja la m'bukumo si lake.

Tsiku lowatenga ndinalawirira, nditatsimikiza kuti mopu sindiukhudza. Ndinapeza pakhomo pali mbee, popanda ngakhale dontho limodzi. Mayiwo anali atavala kale sari yawo ndi juzi pamwamba, atakhala pampando pafupi ndi chikwama. Ndinapita kukhitchini, ndinatenga chitini cha ufa, n'kugwada pamaso pawo monga timachitira kwathu kwa akuluakulu. Ndinawapepesa, ndinawapempha kuti ajambule, sindifufutanso.

Anachiyang'ana chitinicho, kenako anachikankhira kwa ine pang'onopang'ono.

“Lero ayi, mwanangu. Lero sajambula.”

Galimoto ya mwana wawo inali itaima kale pansi, ndipo chikwama ndinatsitsa ndine.