Tukijan Anatsekereza Njinga ya Adokotala

Tukijan ndi amene amayang'anira njinga zamoto pamsika pathu. Ine ndimakazinga nthochi pambali pake, ndiye zake ndimazidziwa mpaka kunsonga. Ndi wowonda ngati mpini wa tsache, koma wenzulo wake umamveka mpaka kumzikiti. Ukaimika njinga, iye amaikokera pamzere n'kuyala katoni pachishalo kuti dzuwa lisakuwotche matako pobwerera.

Ali mnyamata mutu unamusokonekera, ankamva mawu a anthu osaoneka. Makolo ake anamutsekera m'kakhola kuseri kwa nyumba, unyolo kumwendo, mpaka ndevu zinamerera momwemo. Makolowo atamwalira, mlongo wake Ponirah anamutulutsa n'kupita naye kuchipatala cha matenda a maganizo kutawuni. Mapilisi anagwira. Koma a Wagiyo, amuna ake a Ponirah, kakhola sanakagumule. Ankati n'ka abakha. Bakha sitinamuonemo, komatu unyolo ankaudzoza mafuta.

Mapilisi aja amaumitsa kukamwa ngati wadya ufa, ndiye Tukijan ankangoti maswiti m'tsaya tsiku lonse, kuwonjezera tiyi wathu uja woti shuga amatsalira pansi ngati mchenga. Za mswachi m'khola muja munalibe womuphunzitsa.

Chaka chatha wenzulo unatonthola. Munthu anayamba kudzimenya tsaya, kubuula, ngakhale nthochi zanga zaulere kuzikana. Titamufunsa anati muli munthu akukhoma msomali m'mutu mwake. Basi, msika wonse unati zabwerera. Ine ndinangouza anthu awiri okha, kungoti awiriwo ndi a pakamwa.

Pambuyo pake Tukijan ankanena ndithu kuti ndi dzino. Koma munthu amene anakhalapo paunyolo akati kukugwa mvula, anthu amayamba asuzumira panja. Ponirah anati yamulowa mphepo, n'kumukanda msana ndi ndalama yachitsulo mpaka anachita mizeremizere ngati nsomba yowotcha. A Wagiyo anabweretsa sing'anga amene anamulavulira madzi kumaso n'kumaliza mpunga wa m'nyumbamo.

Tsaya litatupa, Ponirah anapita naye kwa dokotala wa mano, mayi Retnowati. Mayiwo atangomva za mapilisi anabweza mpando kumbuyo, nati ayambe wapita kwa anzawo a za m'mutu, kuopa angawalume zala. A za m'mutu nawo anati za m'kamwa si zawo, n'kumuwonjezera mapilisi. A Wagiyo anasesa m'kakhola n'kulengeza kuti Lachisanu akabwerako koswali kumzikiti, mlamu wawo alowamo.

Tsono mayi Retnowati Lachisanu lililonse amadzera pamsika kugula nsomba asanapite kuntchito. Tsikulo anaimika kanjinga kawo kofiira n'kulowa, osamuyang'ana n'komwe woyala katoni. Tukijan anakakokera kukhoma. Kenako anayamba kusanja zina, kutsogolo, m'mbali, mizere pamizere, n'kutsekera ndi ngolo ya mavwende. Ine mafuta anali kupserera, maso ali uko.

Adokotala atatuluka, kanjinga kankangooneka galasi lokha.

“Achimwene, njinga yanga ituluka bwanji pamenepa?”

“Ituluka, adokotala. Yambani mwasuzumira umu.”

Anayasamula. Fungo lake mpaka ntchentche za pansomba zinasintha njira. Adokotala anayang'ana uku ndi uku, koma tonse tinali titaima kale ngati pa zisudzo. Anandipatsira ine nsomba zawo, kuyatsa tochi ya pafoni, n'kusuzumira. 

“Mwakhala nacho kuyambira liti chimenechi?”

“Chiyambire musanandibweze.”

“Simundiluma?”

“Ndi mano ati, adokotala? Otsalawa akugwedera okha.”

Sanaseke. Anati atsegule njira, ndipo Tukijan anachotsa njinga zonse tsaya ali chigwirire. Anamukweza kumbuyo pakanjinga kofiira komweko, iye atakumbatira nsomba.

Anabwerako masana, thonje m'kamwa, dzino lalikulu lobowoka lili m'kapepala. Linali lapansi, ndipo kuno mwana akagula dzino lapansi amaliponya padenga. Tukijan ali ndi imvi, koma anapita kwawo n'kuliponya padenga la kakhola, malata amvekere phwa. A Wagiyo pochokera kumzikiti anamupeza atakhala pakhomo akudya phala, Ponirah ataimirira pambali, manja m'chiuno. Akuti a Wagiyo anangofunsa ngati m'nyumbamo muli tiyi.

M'mawa mwake wenzulo unalira, mopepera pang'ono chifukwa cha mpata. Adokotala anamuuza asiye maswiti n'kumabwera kudzakonzetsa enawo mmodzimmodzi. Amapita, koma maswiti ndimamuona nawobe. Unyolo Ponirah anagulitsa kwa wogula zitsulo amuna ake ali kutulo. A Wagiyo manyazi anawakakamiza kugula abakha, ndipo akuti onse anatuluka amphongo.