Mayi wobereka mwana uja anawoloka?

Loweruka lapitali ndinachita chinthu chimene ndinkachiyesa chifundo. Ndinatengana ndi anzanga a Zuze kukaonera vidiyo pa Thambani.

A Zuze ndi mmodzi wa abale athu othawa nkhondo ku Mozambique. Amakhoma zidebe pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ndipo ine ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa ndimakonda kukacheza nawo pamenepo. Tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa, mfuti zitalira, aliyense analowera kwake. Akazi awo, a Rozina, anawaona komaliza akutsetserekera kumtsinje atabereka khanda. Mpaka lero sanaonanenso. Akangomva kuti kumalire kwafika anthu atsopano, a Zuze amasiya nyundo n'kupita kukayang'ana nkhope imodziimodzi. Akabwerako amatola nyundo ija n'kuyambanso kukhoma.

Ndiye ndinati munthuyu akasekeko pang'ono.

Amene simunalowemo m'nyumba ya vidiyo, ndi sitolo yakale yotchingidwa mabulangeti m'mawindo dzuwa likuswa mtengo, jenereta ikulira panja, anthu titapanikizana pamabenchi. Mafilimu ake ndi a Chizungu, ndiye pamakhala womasulira. Wathuyu timamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipazizira. Amaima pambali pa kanema atagwira kandodo. Kunena zoona samasulira, amapeka, pakuti Chizungu chake chikufanana ndi Chipwitikizi changa. Anthu a m'filimu amawapatsa mayina a kwathu konkuno ndi mawu a kwathu konkuno, ndipo n'zimene timamukondera.

Filimu ya tsikulo inali ya mtundu umene watchuka masiku ano, woti anthu akufa koma iwe ukuseka. Munali mkulu wa asilikali wa diso limodzi, woipa mtima koma wanthabwala. Mudzi ukupsa, iye ali phee pampando kusenda chipatso.

"Nachesi ya ku Mwanza imeneyo!" anakuwa Wailesi, ife n'kuseka.

Kenaka anaonetsa anthu akuthawa m'mudzimo. Pakati pawo panali mayi wobereka mwana, akuthamangira kumtsinje. Wailesi anamuloza ndi kandodo kaja.

"Awo, awo! Akuthamangira ufa wachikasu wachithandizo! Fulumirani mayi, mzere watalika! Khadi musaiwale!"

Nyumba yonse inagwa nalo phwete. Ine ndemwe ndinaseka, sindikana, mpaka ndinamenya bondo. Ndili mkati moseka m'pamene ndinakumbukira amene ndinakhala nawo pabenchi, ndipo manyazi anandigwira ngati ndavulidwa pamsika.

A Zuze sankaseka, komanso sankaoneka okwiya. Anali ataweramira kutsogolo, maso ali tong'o pakanema.

"Tituluke?" ndinawanong'oneza.

"Iyayi aphunzitsi, dikirani."

Tinakhala mpaka kumapeto. Anthu onse ataimirira, iwo anali akuyang'anabe malemba aja amayenda filimu ikatha.

Panja mkangano unabuka monga mwa nthawi zonse. Bambo wokonza njinga ankati palibe woposa ekita, ngwazi ya m'filimumo, chifukwa yapha anthu makumi popanda chipolopolo choikhudza. Mnzake wogulitsa kaunjika anamutsutsa.

"Ekita uja ndi chidole. Katswiri ndi wa diso limodzi. Munthu wopha akumwetulira, mwamuona kuti? Ine ndaonera kanayi chifukwa cha iyeyo."

Mayi wina wa mandasi anati mafilimu oterewa akuumitsa anthu mitima. Anthu anamuyankha kuti nanga iye amalowamo Loweruka lililonse kudzatani, nayenso n'kuseka.

Ine sindili kumbali ya amene akuti vidiyo itsekedwe. Wa diso limodzi uja nanenso ndimamukonda, amadziwa ntchito yake. Ndipo kusekera pa zoopsa sitinaphunzire kwa azungu. Munayamba mwakhalapo ndi adzukulu akukumba manda? Nthabwala zake zimaposa za paukwati. A Zuze nawonso amandiseketsa akamafotokoza m'mene anathawira atanyamula mpini, khasu lake atalisiya, n'kuyenda nawo masiku atatu osadziwa kuti aunyamuliranji.

Koma pamenepo amaseka ndi mwini nkhani, ife n'kumuthandiza. Loweruka lija tinkaseka ndife okhuta, amene tikatuluka tikagona m'nyumba zimene tinabadwiramo, ndipo wosekedwayo anali pakati pathu. Kodi m'nyumba muja a Zuze anali okha? Theka la msika wa Thambani masiku ano ndi anthu a kutsidya kwa malire.

Chimene chandisowetsa mtendere kwambiri ndi china. Mafilimuwa atiphunzitsa poika maso. Timatsata ekita, timatsata mdani wake, ena onsewo ndi gulu chabe, anthu ongothamanga kuti kanema adzaze. Tikatuluka panja maso aja timatuluka nawo. Lole ikadutsa itadzaza anthu ndi mitolo yawo timangoti "afikanso ena". Wa kaunjika uja angakuuzeni mafilimu onse amene wa diso limodzi anachitamo, mpaka mphekesera za banja lake kutsidya kwa nyanja. Mufunseni dzina la munthu amene amamukhomera chidebe. Ine amene ndikulankhula pano, dzina la a Rozina ndinalidziwa patatha miyezi yambiri tikucheza, chifukwa sindinkafunsa.

Pobwerera ndinkakankha njinga, a Zuze akuyenda pambali panga. Ndinayamba kupepesa chifukwa cha kuseka kuja, koma anandidula.

"Kuseka si mlandu, amigo. Ufa wachikasuwo timaudyadi, mzerewo timaimadi."

Tinayenda pang'ono, kenaka anaima.

"Aphunzitsi, inu mumamva Chizungu. Mayi uja wobereka mwana, ananena kuti anawoloka?"

Ndinayamba ndaganiza kaye kuti akunena mayi uti. Ndinali nditamuiwala kale.

"Sanamuonetsenso," ndinatero.

"Ine ndimadikira kuti mwina amuonetsa kutsidya. Nanga m'malemba aja akumapeto sanalembemo?"

"Aja ndi mayina a anthu amene achita sewerolo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye anangomusiya pamtsinje pompaja."

"Anangomusiya."

Tinasiyana pamphambano yopita kwawo. Munthu ndinamutenga kuti akaiwale, koma anakhala maola awiri m'chithukuta chija akudikira mayi mmodzi amene nyumba yonse inamuseka kamodzi n'kumutaya. Zimenezi zandipweteka sabata yonseyi.

Lolemba ndinadutsa pamtengo wa mango paja. Nyundo inali pansi, eni ake kulibe. Mayi wa mandasi anandiuza kuti kumalire kwafika anthu ena.

Filimu ija akuionetsabe pa Thambani, ndipo ndamva kuti anthu akudzazabe. Kaoneni, sekani, kanganani za ekita ndi wa diso limodzi mpaka mawu athe. Koma inu a kaunjika, amene mwaionera kanayi ndipo mukudziwa chipatso chimene ankasenda, tandiuzeni kuti ndikawauze a Zuze akabwerako kumalire: mayi wobereka mwana uja anawoloka?